Phazi la a Gervásio

Kasemasema anaterereka pa thabwa n'kukatera pa phazi. A Gervásio, mmisiri wokhoma maboti ku Meluluca, anakuwa kamodzi kokha, kenako n'kuyang'ana uku ndi uku kuti aone ngati wina wawamva. Mwana wawo Filipa, pochokera ku sukulu, anawapeza atakhala pamchenga magazi ali chuchuchu.

"Ndangodzikanda pang'ono," anatero iwo, akumwetulira mokakamiza.

Kukandako kunafuna singano ndi ulusi. Namwino wa pachipatala anawasoka, n'kuwaletsa kuponda mpaka bala litapola. Anawapatsanso pepala losonyeza kuti sangathe kugwira ntchito.

Atafika kunyumba, akazi awo a Odília anatenga pepalalo n'kuliika m'pulasitiki. Kale, anthu a ofesi ya seguransa atabwera pamsika kudzafotokoza kuti ngakhale wodzigwirira yekha ntchito angathe kumasonkha pang'ono mwezi ndi mwezi kuti adzathandizidwe akadwala, a Odília ndiwo anakakamiza amuna awo kulembetsa. A Gervásio ankalipira pafoni, inde, koma mwezi uliwonse ankadandaula kuti akungoponya ndalama m'madzi.

"Atate a Filipa, pepala ili mupite nalo ku ofesi ya seguransa ku Metangula," anatero a Odília. "Nthawi yake ndi ino."

"Ine? Ndikaime pamzere ngati wopemphetsa? Manja awa akhoma maboti odzaza gombe lonseli. Sanatambasulidwepo kwa munthu."

A Odília anangopukusa mutu n'kupitiriza kukazinga mandasi awo.

M'mawa wina, akazi awo ali kumsika, a Gervásio anatsimphina mpaka kugombe kukamaliza boti limene ankakhoma atavulala. Pobwerera anachita kunyamulidwa ndi asodzi awiri. Bala linali litatseguka, ndipo phazi linatupa ngati dzungu. Namwino anawakalipira pamaso pa anthu onse, n'kuwauza kuti akabwerezanso, nkhani idzakhala ya mwendo wonse.

Kuyambira pamenepo nyumba yonse inadalira mandasi. Sopo anatha, ufa wa chinangwa unatsala wa pansi pa thumba. Filipa ankaona amake akudzuka tambala asanalire, ndipo mtima unkamuwawa.

Lolemba lotsatira sanavale yunifomu. Anamanga chitenje chakale, n'kutenga beseni. Atate ake, amene anali pakhonde phazi lili pampando, anamuitana.

"Kodi ku sukulu masiku ano mumapita ndi beseni?"

"Sindikupita ku sukulu, atate. Msodzi uja, a Silasi, andilola kuti ndiziyanika usipa pamathandala awo."

"Nanga mayeso a desima, kalasi ya khumi, aja?"

"Ndidzalemba chaka china."

Filipa sankawopseza ayi. Anali atapitadi kwa a Silasi dzulo lake, ndipo makope ake anali atawamanga kale n'kuwaika pamwamba pa kabati. A Gervásio anamuyang'ana mwana wawoyo, amene aphunzitsi ankati mutu wake ndi wa udokotala.

"Inu simufuna kutambasula dzanja, ndamva," anapitiriza Filipa motsitsa mawu. "Ndiye lekani nditambasule langa pa usipa."

Nkhuku inadutsa pabwalo. Kenako a Gervásio anakanda m'mutu.

"Ika beseni pansi. Kanditengere malaya anga oyera aja. Koma uuze amako kuti ndikupita kukangofunsa chabe."

Anakwera boti la a Shafii, Filipa atagwira pulasitiki ya mapepala, atate ake atagwira ndodo. Ulendo wonse a Gervásio ankayeseza Chipwitikizi choti akalankhule, akubwereza mawu omwewo mokweza mpaka amayi ena ogulitsa tomato anayamba kuwathandiza. Pofika ku Metangula, boti lonse linali litaloweza nkhani ya phazi lawo.

Mu ofesi munali mayi wina wovala magalasi, dzina lake Amna. A Gervásio anaima chilili, n'kukonza kolala.

"Bondiya, sinyora. Ewu... ewu..." Zonse zija zinathawa.

"Khalani pansi, atate, phazilo lisavutike," anatero mayiyo m'Chinyanja chosalala.

Filipa anabisa kuseka ndi dzanja. Anapereka pepala la chipatala ndi chitupa cha atate ake. Mayi Amna anayang'ana pa kompyuta, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwakhala mukulipira mokhulupirika, a Gervásio."

"Komatu mudziwe, mayi, ine sindinabwere kudzapempha."

"Ndikudziwa. Pano sitigawa mphatso. Mwabwera kudzatenga thukuta lanu lomwe. Chimene ndikudabwa n'chakuti mumachedweranji."

A Gervásio anayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa pamalata. Mayiyo analemba zofunika, n'kuwauza kuti zikatheka adzalandira uthenga pafoni.

Uthengawo unatenga nthawi ndithu, koma unabwera. Ndalama zake sizinali zochuluka, komabe zinakwanira ufa, sopo ndi mankhwala. Phazi linapuma n'kuyamba kupola, ndipo Filipa analemba mayeso ake pamodzi ndi anzake.

Tsiku lomaliza mayeso, pobwera kunyumba, anapeza asodzi atazungulira atate ake pansi pa mtengo wa mango. A Gervásio ankalankhula akuloza ndi ndodo ngati mphunzitsi.

"Munthu wanzeru amaona patali, anzanga. Ine nditangomva za seguransa, ndinati basi, ndilembeni lero lomwe!"

A Odília, amene ankapeta mpunga chapafupi, anatsokomola. Anatsokomolanso kachiwiri, mokweza.

"Ndiye kuti... tinaona patali tonse awiri," anakonza a Gervásio.

Asodzi anafa nacho chiseko. A Silasi ananyamula kampando kawo, n'kuwapatsa msana a Gervásio, n'kukakhala pafupi ndi lichero la mpunga.

"Amake Filipa," anatero, "tiuzeni inuyo. Kulembetsako amayamba bwanji?"