Makilomita Mazana Asanu a Chaja

Pa renki ya matakisi panalibe amene ankamuitana ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Chaja, chifukwa ukamufuna unkamupeza pa chaja, atatsamira galimoto yake yamagetsi, akudikira kuti batire idzaze. Galimotoyo anaigula itatopa kale. Ngakhale idzaze bwanji, inkayenda makilomita makumi asanu ndi anayi basi.

Maulendo andalama, opita kumizinda yakutali, ankatenga ndi dalaivala wina wamimba yaikulu amene anzake ankamutcha Patali.

"Chaja, pali bwana akufuna ulendo wa maola anayi," Patali ankatero anthu onse akumva. "Mutenge. Theka la njira uchita kumubereka kumsana."

Madalaivala ankaseka mpaka kugwira nthiti. Chaja ankaseka nawo ndi mano okha, mumtima mukuwira.

Ankakhala m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya achemwali ake ndi alamu ake. Achemwaliwo ndiwo anamulera makolo atamwalira. Ankachapa zovala pa hotela ina, ndipo kwa zaka ziwiri ankapita ndi kubwerera wapansi kuti ndalama ya basi ilipire sukulu yake yoyendetsa galimoto. Ngakhale anali atakula, m'mawa uliwonse ankamusiyira tiyi pawindo, atavundikira ndi kambale kuti asazizire. Chaja ankamwa osathokoza, maganizo ali pa galimoto ya Patali.

Tsiku lina analimba mtima n'kulowa mogulitsira magalimoto atsopano. Wogulitsa, bambo wa tayi yofiira, anayamba wamuyang'ana kumapazi.

"Yoyenda makilomita mazana asanu mukatchaja kamodzi? Yatsala imodzi. Mtengo ndi uwo uli pagalasiwo, ndipo mwezi wamawa ukwera. Sitima yobweretsa zina ifika pakatha miyezi isanu ndi itatu, mwinanso chaka."

"Simungandisungire? Ndikusiyirani yangayo, zotsalazo ndizipereka pang'onopang'ono."

Wogulitsayo anasuzumira panja. "Chimenecho n'chanu? Kachichotseni msanga, makasitomala angaganize kuti timagulitsa zotero. Chitsekocho musagwire, angopukuta kumene."

Potuluka, mayi wina amene ankakolopa pakhomo anasuntha ndowa yake kuti adutse. "Pepani bambo, amatero ndi aliyense," anatero motsitsa mawu. Chaja anangodutsa osamuyang'ana.

Za sing'anga wina wolemeretsa anthu anazimva kwa makasitomala awiri amene ankanong'onezana pampando wakumbuyo. Anampeza masana, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya penti. Anali munthu waukhondo, wa malaya oyera, ndipo ankasenda lalanje. Kukhoma konse kunali mashelufu odzaza nsapato: za ana, za amayi, majombo a ntchito.

"Mukufuna galimoto kapena ndalama?"

"Ndalama zogulira galimoto, sabata ino isanathe."

"N'zotheka. Koma chinthu choyenda mtunda wautali chimafuna chizimba chodziwa kuyenda. Mundibweretsere nsapato za munthu amene anakuyenderani, amene mapazi ake anang'ambika chifukwa cha inu."

"Ndiye iyeyo atani?"

"Galimoto ikamayenda, iye aziima."

"Afa?"

"Mwandimva ndikutchula imfa ine?"

Chaja anayamba kunenerera monga ankachitira ndi makasitomala. "Nanga nditabweretsa za alamu anga? N'zachikopa, zazikulu."

"Alamu anuwo anakuyenderani kuti? Kuno si pa renki, bambo." Sing'angayo analavulira njere m'dzanja. "Chinanso. Galimotoyo isadzakhale tsiku lathunthu osayenda. Ikadzatero, idzatenga kwa inu, zonse nthawi imodzi."

Lamlungu achemwali anachapa nsapato zawo zansalu zopitira kuntchito n'kuziyanika pampanda. Chaja anaziika m'jumbo. Madzulo anawamva akuzifuna pabwalo, akuseka okha. "Agalu a masiku ano avala n'kuvala," anatero, n'kutulutsa patapata.

Nsapatozo anakazipereka kwa sing'anga, ndipo kwa masiku atatu, Chaja akatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto yake yakale ankapeza mipukutu ya ndalama. Lachisanu anabwerera kogulitsira kuja. Wa tayi yofiira anamutcha bwana katatu m'chiganizo chimodzi, n'kumutsegulira yekha chitseko.

Pa renki kuseka kunatha. Chaja ankanyamuka m'mawa kupita kumzinda wakutali n'kubwerera madzulo osaima pa chaja. Makasitomala a Patali anasamukira kwa iye. Patali akamupatsa moni, Chaja ankakweza galasi.

Mwezi woyamba achemwali anayamba kudandaula kuti akumafika kuhotela atatopa ngati akwera phiri. Wachiwiri, anasiya ntchito chifukwa mphamvu zinkawathera pa siteji ya basi. Kenako ankafika pa golosale ya pakona pokha, kenako pageti. Chaja anaona kuti akabwera ku ulendo wautali, mawa lake achemwali ataya kamtunda kena. Anawagulira mpando wofewa ndi wailesi. Iwo anathokoza ngati wawamangira nyumba. Tiyi uja ankamupezabe pawindo, koma tsopano atatayikira m'mbali mwa kapu, chifukwa wonyamulayo ankayenda chogwira khoma.

Tsiku limene achemwali analephera kufika pawindopo, Chaja anathamangira kogulitsira magalimoto kuti akaibweze. Anapeza bwalo lodzaza. Sitima inali itafika msanga, ndi zatsopano zoyenda makilomita mazana asanu ndi limodzi, mtengo wake wotsikirapo.

"Yanuyo yatha fasho," anatero wa tayi yofiira, ubwana uja ataiwala. "Theka la mtengo silingakwane. Komanso muisiye pano sabata yathunthu, iime, amakaniko aione."

Chaja anakumbukira chenjezo la sing'anga lija. Anatenga makiyi ake n'kutuluka.

Anathamangira kwa sing'anga, amene anangomuonetsa nsapato zansalu zija pashelufu. Palibe ankazivala, koma zidendene zinali zitaperepeseka mpaka kubooka.

"Ndibwezereni."

"Mundibwezere kaye makilomita amene mwayenda."

Kuyambira pamenepo anasiya maulendo. Ankangozungulira mzere wa nyumba zawo kamodzi patsiku, kuti galimoto isakhale osayenda. Kuiimika kotheratu ankaopa.

Kenako dokotala wa pafupi anati matendawa amukanika, odwala apite kuchipatala chachikulu, ulendo wa makilomita mazana anayi. Ambulansi inali yodikira milungu itatu. Alamu ake anabwera kudzagogoda kuchipinda chakuseri.

"Mawa m'mawa tinyamuke."

"Alamu, bwanji tipemphe Patali? Kapena takisi ina iliyonse. Ndilipira ndine."

"Galimoto ili pakhomo, ife tikabwereke ya eni? Izikaima m'njira maola awiri pa chaja, munthu akubuula? Wanyamula mabwana ako dziko lonseli. Lero mpando wako wadula kwa amene anakusambitsa?"

"Si choncho."

"Nanga n'chiyani? Nena. Ukuopa kuti akusanzira m'galimoto?"

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kusuzumira pampanda. Mayi wina anati, "Ndalama zimachotsa munthu manyazi." Chaja anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi, koma anaona nkhope zonsezo n'kuwameza.

Mawu a achemwali anamveka kuchokera m'nyumba. "Musamukalipire, watopa mwanayo. Achimwene, ngati vuto ndi ndalama ya magetsi, ndili nayo pang'ono m'kachitini."

M'mawa anawagoneka pampando wakumbuyo, mutu uli pamiyendo pa amuna awo. Chaja anali ataganiza njira. Zaka zonse za galimoto yakale zinamuphunzitsa kusunga batire, ndipo anadziuza kuti galimoto ikadya pang'ono, kwa achemwalinso itenga pang'ono. Anazimitsa choziziritsa mpweya ndi wailesi. Ankaponda mopepuka, ndipo potsetsereka ankaisiya kuti izitsika yokha. Malole odzaza katundu ankawapitirira akuimba hutala.

"Ukuyendetsa ngolo?" alamu anakalipa. "Ponda moto."

Chaja anayang'ana nambala ya batire. Anali atayenda makilomita zana, koma inali isanatsike ngakhale pang'ono.

"Mawondo sindikuwamva," achemwali anatero.

Pa makilomita mazana awiri anati m'chiuno mwazizira. Dzuwa linali paliwombo, m'galimoto mukutentha, koma iwo anapempha chofunda. Batire inali yodzazabe. Apa m'pamene Chaja anazindikira kuti chizimba sichinkawerenga magetsi. Chinkawerenga mtunda, ndipo kuyenda pang'onopang'ono kunangotalikitsa ululu. Kubwerera kunali kutali ngati kupitirira.

"Imayenda bwino galimoto yako," achemwali ananong'ona. "Yopanda phokoso. N'koyamba kukwera ine."

Chaja anaponda buleki pakati pa msewu. "Alamu, tiwatsitse. Tiimitse galimoto ina. Ndine ndachita izi. Nsapato zija sanatenge agalu."

Ananena zonse, za sing'anga, za mashelufu, za ndalama za m'kabokosi. Alamu ake ankayang'ana nkhope ya akazi awo, kenako anawatseka maso ndi chikhatho.

"Wachedwa nazo," anatero. Anatuluka, n'kunyamula thupilo m'manja ngati mwana, kuliika pamthunzi. "Usalikhudze. Pamaliro usadzapondepo. Ukadzabwera, ndidzakuonetsa kwa anthu ndine."

Woyendetsa lole wina anaima, navula jekete lake n'kufunditsa malemuwo, nawatenga onse awiri. Chaja anatsala yekha.

Galimoto ija inakhala pomwepo tsiku lathunthu osayenda, ndipo mutu wa Chaja unasokonezeka, sunabwererenso. Mpaka lero oyenda pamsewu umenewo amamuona atayima m'mphepete, tsitsi litapotana, akukupiza manja kuimitsa galimoto iliyonse. Wina akamumvera chisoni n'kuima, iye sakwera. Amangosuzumira pawindo n'kufunsa, "Kunyumba mwasiya ndani? Akuyendabe?" Madalaivala amamuponyera buledi n'kukweza magalasi.

Dyera limatero. Limakuuza kuti chinthu chatsala chimodzi, kuti mawa mtengo ukwera, kuti ukachedwa anzako akuseka mpaka kale. Chuma cha mankhwala sichibwera chaulere, ndipo amene amachilipira kawirikawiri ndi munthu amene anakukonda usanakhale ndi kanthu. Ndi bwino kudikira pamzere ndi chako chakutha, anthu akukuseka, kusiyana n'kufika kutali utagulitsa m'bale wako.