Bajiya za Kuseri kwa Kalasi

Belu la buleki litalira, Zaituni anadikira kuti anzake onse atuluke. Kenaka anasolola kampukutu m'chikwama n'kuzembera kuseri kwa kalasi, komwe kunali mulu wa njerwa zosweka. Anakhala pa njerwa yake ya masiku onse n'kufunyulula pepala lomwe linali litanyowa kale ndi mafuta. Kuchokera pamenepo ankamva atsikana akuseka pansi pa mtengo wa mango, koma sankawaona.

M'pepalamo munali bajiya, timibulu tokazinga ta ufa wosakaniza ndi anyezi, masamba ndi tsabola. Amayi ake, a Rehema, anaphunzira kuphika zimenezi ku Limbe, m'lesitilanti ya amwenye momwe ankatsuka mbale. Wophika wamkulu kumeneko anali bambo wa ku Nepal, ndipo ndiye anawaphunzitsa kuti masamba azichuluka kuposa ufa. Bambo ake a Zaituni atamwalira, amalume ake a Latif anawaitanira ku Neno n'kuwapatsa kachipinda pambali pa golosale yawo kuti azigulitsamo chakudya. Ufa wa tchana, womwe amwenye amaphikira, ku Neno kunalibe, ndiye a Rehema ankasinja nandolo. Masamba ankaika chisoso kapena nkhwani.

A Rehema anaumirira mwambo wa ku Limbe. Munthu akaitanitsa mpunga, ankayamba amupatsa kambale ka bajiya kuti atsegule kukhosi. A Gerishon, oyendetsa lole, ankakayang'ana kambaleko osakakhudza mpaka mpunga ufike.

"Mayi, kodi ku Limbe kwanuko ndiwo ndi zimene zimatsogola?" ankatero akukhuthulira bajiyazo pampunga.

Pakhomo Zaituni ankaseka nawo. Kusukulu nkhani inali ina. Chaka chimenecho sukulu inali itangokhala yaulere, ndipo m'kalasi munadzaza ana a m'midzi odziwana kuyambira kale. Sabata yoyamba, iye atatsegula mpukutu wake, mnyamata wina dzina lake Kingsley anatseka mphuno n'kufunsa kuti ndani wabwera ndi mankhwala a kwa sing'anga. Kalasi yonse inaseka. Kuyambira tsiku limenelo Zaituni ankadyera kuseri, mofulumira, n'kupukuta pakamwa ndi masamba kuti fungo lisamveke.

Munthu mmodzi yekha ndiye anamulondolapo kumeneko. Anali Edina, mtsikana wamtali wa kumtunda kumapiri, yemwe anasiyapo sukulu chifukwa cha fizi n'kubwereranso chaka chimenecho. Anafika ndi mbatata yootcha m'manja.

"Nyema," anatero.

Zaituni anaifuna mbatatayo. Koma anadziwa kuti akanyema, nayenso ayenera kutsegula mpukutu womwe anaubisa pansi pa diresi. Anayang'ana pansi.

"Zikomo, ndakhuta."

Edina anaima pang'ono, kenaka anatembenuka n'kumapita. Sanabwerenso.

Loweruka lina, tsiku la msika, Zaituni ankathandiza kukazinga kuseri kwa lesitilanti ya amayi ake. Atadzutsa mutu anaona Edina ali pakhomo ndi dengu la chisoso ndi anyezi, amayi ake atamutuma kuti akagulitse. A Rehema anagula, ndipo atamva kuti mtsikanayo ali kalasi imodzi ndi mwana wawo, nkhope yawo inawala. Anamukhazika pabenchi n'kumuikira bajiya zotentha m'mbale.

Edina sanatambasule dzanja. Anayang'ana Zaituni.

"Zikomo mayi, ndakhuta."

A Rehema anadabwa. Anati munthu wotsika phiri atasenza dengu sangakhute m'mawa chonchi, ndipo anamufunsa ngati akuopa tsabola. Edina anapukusa mutu. Atamukakamiza, anayankha chapansipansi.

"Mwana wanu sadya zathu, mayi. Ndiye ine ndidya bwanji zanu?"

Mafuta ankalira m'chiwaya. Zaituni anangoti njo, chipande chili m'manja. Edina anatembenukira kwa iye, ndipo sanamutchule kuti iwe ngati mnzake.

"Kwathu munthu wobisalira chakudya timati ndi womana. Atsikana akuti inu simungadye nafe chifukwa ndinu Asilamu, eti mapoto athu timaphikamo nkhumba. Ndiye ine mbatata ija ndinachita kuotcha paphulusa. Sinalowe mumpoto."

Ananyamula dengu lake, n'kutsanzika a Rehema mwaulemu, n'kutuluka.

Zaituni anayembekezera kukalipiridwa, koma amayi ake anangomulanda chipande chifukwa bajiya zinayamba kupserera. Atazivuula, anamufunsa kuti tsiku lililonse amadyera kuti.

"Kuseri kwa kalasi."

"Ndi ndani?"

Zaituni anawerama n'kuyamba kusanja bajiyazo m'mbale. Amayi ake sanafunsenso. Tsiku lonse maganizo a Zaituni anali pa mbatata ija: Edina akuikwirira paphulusa m'mawa kusanache bwino, akuganizira mtsikana wa ku Limbe yemwe sanamupatsepo ndi moni womwe. Iye miyezi yonseyi ankayesa kuti anthu akumuthawa. Sankadziwa kuti pansi pa mango paja nawonso ankati iye ndiye akuwathawa.

Lolemba m'mawa anapeza mpukutu patebulo, waukulu kuposa wa masiku onse. Amayi ake ankasesa panja.

Belu la buleki litalira, miyendo yake inafuna kulowera kunjerwa kuja. Anaima pakona pa kalasi, mpukutu ataukumbatira pachifuwa. Pansi pa mango atsikana anali atayala chitenje, ndipo aliyense ankaponyapo chomwe wabweretsa: chimanga chokazinga, manachesi, chinangwa chophika. Bwalo la sukulu silinali lalikulu, koma tsiku limenelo linamutalikira. Kingsley, yemwe ankathamangira mpira, ananunkhiza m'mwamba mokokomeza. Zaituni sanamuyang'ane.

Atafika, kuseka kunatha. Anagwada, n'kuika mpukutu pachitenje, n'kuufunyulula. Fungo la anyezi ndi tsabola linamveka. Mawu omwe anakonza usiku wonse anamuthawa, ndiye anangoti, "Tidye."

Palibe anatambasula dzanja. Mtsikana wina, Christabel, anayang'ana Edina, ndipo enawo anayang'ana pansi. Zaituni anaganiza zotola mpukutuwo n'kubwerera kunjerwa kwake.

Edina anapisa m'thumba la diresi n'kutulutsa mbatata yootcha. Anainyema pakati n'kutambasulira Zaituni dzanja.

Zaituni analandira ndi manja awiri. Sanasende n'komwe. Analuma pamodzi ndi khungu lake, phulusa n'kumudetsa milomo, ndipo anatafuna onse akumuyang'ana mpaka anameza.

Apo ndi pomwe Edina anatola bajiya imodzi. Anaibenthula n'kuyang'anitsitsa m'kati mwake.

"Ichi n'chisoso cha m'munda mwathu," anauza anzakewo, kenaka anaiponya m'kamwa.

Posakhalitsa anayamba kupemerera pakamwa ndi dzanja, misozi ili lengelenge. Christabel anaseka n'kutola yake, wina anatsatira. Mtsikana wina wakumapeto analuma pang'ono n'kubisa yotsalayo kumbuyo, ndipo Zaituni anaona koma sizinamupweteke monga ankaopera.

"Christabel, tasendera uko, munthu akhale bwinobwino," anatero Edina akupukuta m'maso. Kenaka anamugunda Zaituni ndi chigongono. "Iwe, mawa ukawauze amayi achepetseko tsabola."

Belu litaliranso, pachitenje panatsala pepala lamafuta lokha. Zaituni analipinda n'kulowa m'kalasi pambuyo pa Edina, phulusa lidakali pamilomo. Sanalipukute.