Ukoka Kapena Uima?

Bonface Kamwendo anatuluka mu kasino, nyumba ya juga ya mumzinda wa Glasgow, usiku kwambiri, sitima zopita ku Pollokshields zitasiya kale kuyenda. Sanatuluke mwa kufuna kwake. Masewera anali atafika pokoma, makhadi akumumvera ngati ana ake obala yekha, pamene bwana wa malowo anadzaima kumbuyo kwake ndi alonda awiri a zifuwa ngati zitseko. Bwanayo anamuuza mwaulemu kuti masewera ena onse atha kusewera, koma blackjack ayi. Bonface sanatsutse. Mawu amenewa anali atawamvapo ku Manchester, ku Prague ndi ku Malta komwe. Anakatenga ndalama zimene anapata pa windo lolipirira, nazilonga m'thumba la m'kati mwa jekete, n'kutuluka.

Ntchito yake inali imeneyi, ina analibe. Anabwera kuno kudzaphunzira za akaunti, koma mutu wake wa masamuwo unapeza msika wina. Nyumba analibe. Zonse zimene anali nazo zinkakwana m'sutikesi imodzi, ndipo mzinda uliwonse ankauchoka nkhope yake isanazolowereke. Anthu akamati juga ndi mwayi, iye ankangoseka. Masewera a blackjack ngosavuta kuwamva: makhadi ako ukawaphatikiza afike pafupi ndi 21, koma asapitirire. Wogawa amadikira kuti unene ngati ukoka khadi lina kapena uima pomwepo, ndipo ukakoka mwadyera wapsa. Bonface ankasunga m'mutu makhadi onse amene atuluka, ndipo akadziwa kuti otsala m'bokosi ndi akuluakulu, m'pamene ankabetcha zochuluka. Si kuba ayi, koma eni makasino samuonera kukondwa munthu wotere.

Ku Glasgow ankafikira ku Pollokshields, kwa mlongo wake Nelia, amene anakwatiwa ndi bambo Goodwill, mkulu wa mpingo. Nelia ankaidziwa ntchito ya mlongo wakeyo, ndipo m'mawa uliwonse ankamupempherera mokweza dala, chitseko cha kuchipinda chili chotsekula, kuti mwini wake amve.

Pamalo okwerera takisi panali chipwirikiti. Zidakwa zinali zitagwirana pakhosi, wina magazi ali chuchuchu m'mphuno, mkazi wina akukuwa nsapato zili m'manja. Munthu amene wanyamula ndalama saima pamalo otere. Bonface anakweza kolala ya jekete n'kuuyamba wapansi, kutsata m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kulowera ku mlatho wa anthu oyenda pansi, uja wolendewera pa matcheni.

Mvula inali itakata, koma chifunga chinali chitagona pamadzi. Nyale za mumsewu zinkangooneka ngati maso a munthu wodwala. Atayenda pang'ono anamva nsapato kumbuyo kwake. Anafulumira, nazonso zinafulumira. Anacheuka ngati akuyang'ana basi. Anali mzungu wachikulire uja wa chipsera chochokera pakamwa kufika kukhutu, amene anakhala kumapeto kwa tebulo lake usiku wonse, akubetcha tating'onoting'ono, maso ali pa manja a Bonface. Tsopano anali ndi foni kukhutu, akunong'ona.

Polowera pa mlatho pali chipata cha miyala. Pansi pa chipatacho panaima munthu.

Anali wakuda, wamkulu ndithu, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu. Anavala malaya oyera, kajekete kakuda kopanda manja ndi katayi kagulugufe, monga amavalira ogawa makhadi. Kunja kukuzizira chomwecho, iye analibe chikhoti. Zovala zake zinali zitanyowa mpaka kumata pathupi.

"Ndiwe wa kwathu iwe," anatero munthuyo m'Chichewa. Mawu ake anali a besi, otsika ngati akuchokera m'chitsime.

Bonface anapumira m'mwamba. Chichewa pakati pa usiku, m'dziko la eni! "Eya bambo, ndine wa kwathu. Kodi mukuwoloka? Tiyendere limodzi, kumbuyoku sikuli bwino."

"Ndikudziwa. Ndine Dunstan. Ndimagawa makhadi."

"Ndiye mwaweruka?"

"Sindinaweruke. Shifiti yanga sinathe."

Analowa pa mlatho. Mlathowo unkagwedezeka pang'ono, matcheni akulira chapansipansi. Kwa mkuluyo kunkachokera fungo la matope, la zinthu zokhalitsa m'madzi. Mvula inali italeka kalekale, koma madzi ankatulukabe m'manja mwa malaya ake, osati kudontha ayi, kuyenderera. Bonface anayang'ana manjawo. Ankayenda okha mumphepo, kutola ndi kuponya, kutola ndi kuponya, ngati akugawa makhadi pa tebulo losaoneka. Ndipo zala zija… zala zinali zopindikira kumbuyo. Zonse.



"Ukoka kapena uima?" anafunsa mkuluyo osamuyang'ana.

"Mwati bwanji bambo?"

Zii.

Bonface anatembenuka. Pambali pake panalibe munthu. Panali chithaphwi cha madzi akuda basi.

Kutsogolo, m'chifunga, munatuluka mnyamata wamtali atavala chipewa cha juzi kumutu, botolo lili m'manja. Kumbuyo, nsapato zija zinali zitafika. Kumanja madzi. Kumanzere madzi.

"Madzulo abwino, mnzanga," anatero wa chipsera uja m'Chingerezi cha ku Glasgow. "Vula jekete."

Bonface anayesa kuthawa modutsa pambali pa mnyamatayo. Phwaa! Botolo linaswekera pamutu pake. Anaona nyenyezi, maondo n'kulobodoka, ndipo asanafike pansi bondo linamupeza pakamwa. Anamva dzino likugubuduzika pa lilime. Kenaka nsapato. M'nthiti, m'mimba, kumsana, m'nthitinso. China chake chinathyoka m'kati mwake ngati nkhuni youma. Anafuna kukuwa koma mpweya unakana. Chodabwitsa n'chakuti manja ake anakakamira pa jekete, osafuna kusiya, ngati moyo wake unali m'thumba muja.

"Ndi wouma mutu," anatero mnyamata uja.

"Onse amayamba choncho."

Wa chipsera anatulutsa mpeni. Anang'amba jekete kuyambira paphewa, mpeniwo n'kudya ndi mnofu womwe. Magazi otentha anatsikira m'khwapa. Atasolola ndalama zija anamuyang'ana Bonface kumaso nthawi yaitali, kenaka anapukusa mutu.

"Wandiona nkhope uyu. Gwira miyendo."

Anamunyamula ngati thumba la makala, n'kumugoneka chamimba pa chitsulo cha m'mbali mwa mlatho. Mutu unalendewera kunja. Pansi pake Clyde anali bii, akuyenda mwakachetechete. Bonface anakumbukira mapemphero a Nelia, koma mawu ake onse anali atabalalika. Anangoti, "Mayo… mayo ine…"

"Mtsinje uwu suulula," anatero wa chipsera. "Ndinauyesapo kale."

Pomwepo dzanja linatulukira kunja kwa chitsulo, mbali ya kumadzi, kumene kulibe poponda munthu. Dzanja lonyowa, la zala zopindikira kumbuyo. Linagwira mkono wa mpeni uja.

Khobo!

Mkono unathyoka, fupa n'kutulukira pa malaya. Wa chipsera anakuwa ngati nkhumba yolasidwa. Mnyamata uja anasiya miyendo, ndipo Bonface anagwera m'kati mwa mlatho, chagada. Ali chigonere anaona Dunstan akukwera chitsulo pang'onopang'ono, madzi akukhuthuka m'kamwa ndi m'makutu, katayi kaja kali bwinobwino pakhosi.

Mnyamatayo anatola mpeni n'kuubaya pachifuwa pa mkuluyo mpaka chigwiriro. Sipanatuluke magazi. Panatuluka madzi akuda, onunkha. Dunstan anauyang'ana mpeniwo ngati munthu amene wathimbiriridwa malaya, kenaka anagwira mnyamatayo kunkhope ndi dzanja limodzi n'kumumenyetsa ku tcheni cha mlatho. Gwaa! Mlatho wonse unanjenjemera. Mnyamatayo anadzuka chibwano chili pambali, nathawa chokwawa, akulira ngati kamwana.

Wa chipsera anali atagwada, atafumbata mkono wake. Anakweza maso. Nkhope yake inayera ngati pepala.

"Iwe ayi," ananong'ona. "Iwe ayi… Iwe tinakuponya… Ndinakuona ukumira!"

Dunstan anatenga dzanja labwino la munthuyo n'kulitambasula pa chitsulo mosamala, monga wogawa amayalira makhadi pa nsalu yobiriwira. Anagwira chala choyamba.

Thyo!

"Ukoka?" anafunsa m'Chichewa.

Munthuyo sankamva Chichewa. Anangokuwa.

"Wakoka." Thyo!

Bonface anatseka maso, koma makutu alibe zitseko. Anamva chala chilichonse. Anamva munthu wamkulu akuitana mayi ake, akulonjeza, akusanza. Kenaka kukuwa kunasanduka kulira kwapansipansi.

"Wapsa," anatero Dunstan.

Anamukumbatira ngati m'bale amene anasowana naye zaka zambiri, ndipo onse awiri anapendekera kunja kwa chitsulo. Phava! Madzi anatseka pakamwa pake.

Bata.

Bonface anayesa kudzuka. Nthiti zinakana. Ndalama zija zinali mbwee pa mlatho, zina zikuuluzika kugwera mumtsinje. Anatambasula dzanja kuti atole zimene zinali pafupi…

Chinthu chozizira chinagwira dzanjalo.

Fungo la matope lija. Madontho pamphumi pake. Sanafune kuyang'ana, koma anayang'ana. Nkhope ya Dunstan inali pafupi ndi yake, mpeni ukadali pachifuwa. M'maso mwake munalibe mkwiyo. Munalibe chilichonse.

"Nanga iwe, mphwanga? Ukoka kapena uima?"

Dzanja lija linayamba kufinya. Mafupa a zala anayamba kulira.

"Ndaima!" Bonface anakuwa, magazi akuthovoka m'kamwa. "Ndaima, bambo! Ndaima!"

Kufinya kunaleka. Kuzizira kunachoka. Mdima unamuphimba.

Anatsitsimuka ali m'chipatala, kunja kutayera, mutu uli m'mabandeji, paphewa atamusoka. Anamuuza kuti mayi wina wopita ku ntchito m'mamawa ndi amene anamupeza n'kuitana ambulansi. Apolisi anabwera ndi mafunso awo. Anati mnyamata wina anamutola kutsidya kwa mlatho chibwano chitasweka, akubwebweta zosamveka, ndipo mtembo wa mwamuna wachikulire anauvuula kumunsi kwa mtsinje. Bonface anawauza za anthu awiriwo. Atamufunsa amene anamulanditsa, anati kunali mdima.

Madzulo ake kunabwera Nelia ndi bambo Goodwill. Nelia atangoona nkhope yotupayo anagwira pakamwa, misozi ili mbwembwembwe.

"Bonface, ufuna ndikawauze chiyani amayi kumudzi? Kuti ndinakusunga m'nyumba mwanga mpaka anakuphera makhadi?"

"Musalire achemwali. Zija ndasiya."

Nelia anamuyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati akunama monga kale. Kenaka anatuluka kukafuna nesi kuti amve za mankhwala. Bambo Goodwill anakokera mpando pafupi ndi bedi.

"Alamu," anatero Bonface motsitsa mawu, "inu mumadziwa Amalawi onse a mumzinda muno. Alipo mkulu wina, wa imvi m'mbalimu, mawu a besi. Amagawa makhadi mu kasino. Anati dzina lake ndi Dunstan."

Bambo Goodwill anali akuvula magalasi kuti apukute. Dzanja linaima m'malere.

"Dzina limenelo mwalimva kwa yani?"

"Kwa mwini wake. Ndinali naye pa mlatho usiku wathawu. Ndi amene anandilanditsa."

Mkulu wa mpingoyo anayang'ana pansi.

"Dunstan Mbewe ankaimba besi m'kwaya yathu. Za ntchito yake ankabisa, ankaopa kuti mpingo umudula. Tsiku lina anabwera kunyumba n'kundiululira zonse. Anati pali anthu amene amakhala pa tebulo lake kusuzumira opambana, kenaka n'kuwatsatira panja, ndipo akufuna kuti iye aziwalozera amene wanyamula zambiri. Anakana. Anati apita kupolisi. Ine ndinamuuza kuti tiyambe tapemphera kaye." Anapukuta magalasi aja. "Mlungu womwewo anasowa. Anamupeza mumtsinje patapita masabata, ali mu yunifolomu ya kuntchito, zala zonse zitathyoledwa. Amene anachita zimenezo sanagwidwe."

"Ayi alamu, mwina ndi wina. Ine ndalankhula naye. Wandigwira dzanja ili!"

"Dunstan wogawa makhadi analipo mmodzi yekha mu Glasgow muno. Nthawi imeneyo mwana wathu Chiko anali asanabadwe, ndipo lero ali ku sekondale." Bambo Goodwill anabwezera magalasi kumaso. "Ku mochale anaitana ine kuti ndikamuzindikire. Ndinamusambitsa ndekha, ndinamuveka suti, ndipo bokosi lake ndinaliperekeza pa ndege mpaka kwawo ku Ntcheu. Alamu, dothi loyamba pa manda a Dunstan ndinaponya ndine."