Nambala Imene Anagula Yekha

Kalipentala ndi mkazi wake anakhala zaka zitatu mwamtendere. Mkaziyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo akaweruka ankabwerera kunyumba limodzi, iye akuchotsa utuchi m'tsitsi la mwamuna wake. Koma makasitomala atachuluka, foni ya mkaziyo inayamba kulira pafupipafupi, ndipo mtima wa kalipentala unasowa mtendere. Tsiku lina anathyola simu khadi ya mkazi wake n'kumugulira ina, nalamula kuti nambala yatsopanoyo aidziwe ndi iyeyo ndi apongozi ake basi.

Pasanathe sabata, uthenga unalowa: "Ndakusowa, mayi. Mpando wako uli pomwe unausiya." Mkaziyo anauonetsa mwamuna wake akuseka, nati wina wasokera. Mwamunayo sanaseke. M'mawa mwake unalowanso wina, wonena kuti m'nyumba mukuzizira popanda iye.

"Nambalayi tikuidziwa anthu awiri. Wachitatuyu waitenga kuti?" anafunsa kalipentala.

"Munagula nokha, bambo. Muimbireni mumufunse."

"Kuti andinamize ngati mmene ukundinamizira iwe?"

Kuyambira tsikulo analanda foniyo. Makina osokera anawabweretsa kunyumba, ndipo popita kuntchito ankakhoma chitseko ndi loko kunja. Mkaziyo ankangokhala m'chipinda, akuyang'ana khoma la aneba kudzera m'zitsulo za pazenera. Mayi ake atabwera kudzamuona analankhula naye pazenera pomwepo, namuuza kuti banja n'kupirira. Mlongo wake wa kalipentala ndiye ankakolezera moto, amvekere mkazi wosekerera aliyense sakhulupirika.

Nsanje ilibe makutu. Mkazi akalira imati wagwidwa, akakhala chete imati akubisa. Kalipentala uja anaonda, ntchito inamukanika, ankangosolola foni m'thumba la ovololo n'kuwerenga mauthenga amene ankalowabe m'mawa uliwonse. Pomaliza anayankha ngati ndi mkazi wake, kuti akumane masana kuseri kwa shedi ya matabwa.

Kunabwera bambo wachikulire wa imvi, atavala jekete lakale, chipewa chili m'manja.

"Pepani, kodi ndinu mwini wake wa nambala ija? Ine ndimati..."

Sanamalize. Kalipentala anamuphwanya ndi thabwa m'mutu kawiri, ndipo mkuluyo anamwalira asanafike kuchipatala. Apolisi atapita kunyumba anachita kuthyola loko kuti atulutse mkazi uja, yemwe sankadziwa chilichonse.

Kukhoti kunaima mwana wamkazi wa malemuyo. Anafotokoza kuti bambo ake anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo nambalayo inali ya mayi ake amene anamwalira chaka chapitacho. Mkuluyo ankawalemberabe m'mawa uliwonse, osadziwa kuti nambala ikakhalitsa osagwira ntchito imagulitsidwa kwa wina. Yankho litabwera anachita manyazi kwambiri, ndipo anapita kukapepesa kwa munthu amene ankamuvutitsa ndi mauthengawo.

Kalipentala anatembenuka kuyang'ana mkazi wake. Mkaziyo anali atazolika, ndipo sanadzutse mutu mpaka woweruza atamaliza kuwerenga chigamulo: zaka makumi awiri kundende, akugwira ntchito yakalavulagaga.

Mkaziyo anabwerera kwa makolo ake, koma mpaka lero sagona m'chipinda chokhoma. Mkulu wosalakwa ali m'manda, ndipo kalipentala ali ndi zaka zambiri zoti aganizire funso limodzi laling'ono limene anakana kufunsa. Munthu akaopa kumva choonadi, amakhulupirira bodza lodzipangira yekha, ndipo olipira amakhala anthu amene sanamulakwire.