Penti Woyera pa Mfuti Yakuba

Kwa a Haugen, kum'mawa kwa Montana m'dziko la America, sikunali kolemera, koma munthu ukafikako sunkafuna kuchoka msanga. A Arlo Haugen ankaweta nkhosa pamalo omwe anawasiyira bambo awo. Akazi awo, a Darla, ankaimba limba kutchalitchi. Madzulo aliwonse ankakhala patebulo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Weston, n'kugwirana manja kupemphera asanayambe kudya.

Weston anakula akutsata bambo ake kulikonse. Nyengo yachisanu ikafika, dziko lonse litakutidwa ndi chipale chofewa, nkhandwe zija amazitcha kayoti zinkasowa chakudya n'kuyamba kuzungulira makola. Imeneyo ndiyo inali nthawi yozisaka. A Arlo anamuphunzitsa kukhala duu kuseri kwa chitsamba, mphepo ikumuwomba kumaso, uku akuliza kachitoliro kolira ngati kanyama kogwidwa pamsampha kuti nkhandwe zibwere. Anamuphunzitsanso kupenta mfuti, chifukwa chitsulo chakuda chimaonekera patali pa chipale. Pamenepa mwana anaposa bambo. Ankayamba ndi penti woyera, kenako n'kuyala udzu wouma pamwamba n'kufaira wotuwa. Mfuti inkatuluka mawangamawanga, moti ukaigoneka pansi unkachita kuifufuza.

Zinthu zinayamba kupendekeka chaka chomwe Weston anamaliza sukulu. Colby Ruud, mnyamata womuposa pang'ono msinkhu, anabwerako kumene ankagwira ntchito pa zitsime za mafuta. Anabwera ndi galimoto yatsopano, pakamwa pothwa, ndi kabotolo ka wisiki kosachoka m'thumba la jekete. Anamva kuti Weston amadziwa kupenta, ndipo anabweretsa mfuti yake.

"Aise, dzanja uli nalo," anatero Colby akuitembenuza mfutiyo. "Ndiye ufera pano ukununkha nkhosa? Tiye mawa tikasake. Tamwa kaye aka utenthetse m'chifuwa."

"Ine sindimwa."

"Sumwa? Nanga ukadali pa mkaka wa m'mawere? Kamodzi kokha, sindikawauza abusa."

Weston anaseka, nalandira. Wisikiyo anamuwotcha pakhosi mpaka misozi inalengeza, koma Colby atamumenya pamsana n'kumutcha mwamuna, mumtima munakoma.

Kuyambira pamenepo galimoto ya Colby inkaliza hutala pageti m'mawa uliwonse. Nkhosa zinkalira udzu usanaperekedwe, madzi m'zomwera ataundana gwa osaswedwa. A Arlo ankagwira okha ntchito yonse, chifuwa chikuwasowetsa mtendere. Lamlungu mpando wa Weston kutchalitchi unkakhala wopanda munthu.

Tsiku lina masana Weston anabwera akudzandira, mfuti ili paphewa, chipolopolo chili m'kati. A Arlo anamulanda mfutiyo, nachotsa chipolopolo, n'kumuonetsa.

"Walowa nayo m'nyumba chonchi, mayi ako ali kukhitchiniku? Mowa ndi mfuti sizikwera galimoto imodzi, mwana iwe. Iyi ndikuitsekera mpaka nzeru zako zibwerere."

"Ndine wamkulu, bambo. Simungandisunge ngati kamwana ka nkhosa."

"Ukanakhala kamwana ka nkhosa bwenzi ndikukunyamula n'kukuika m'khola. Vuto ndi lomwelo, kuti sindingathe."

A Darla anamutsatira kuchipinda. "Weston, mnzako uja akutengera kuphompho. Ukuona ngati amakukonda? Tsiku lomwe zidzavute udzatembenuka, sudzamuona."

Weston anafunda bulangete kumutu.

M'tauni munali mutakonzedwa mpikisano wa alenje, woti aone amene aphe nkhandwe zambiri tsiku limodzi. Colby atamva kuti mfuti yalandidwa, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Madala akulanda chidole? Usadandaule. Agogo Orville Stenseth aja ali ndi mfuti yabwino kuposa zonse kuno, ingokhala pakhoma. Maso awo anatha, sangaombe ngakhale khomo la khola. Ndipo nyumba yawo sakhoma."

"Imeneyo n'kuba, aise. A Orville ndi amene anandinyamula pa ubatizo."

"Kuba chiyani? N'kubwereka. Ukaipaka penti wako uja, ngakhale amene anaipanga sangaizindikire. Kapena ukuopa? Nena, ndipeze mwamuna wina woyenda naye."

Lamlungu lotsatira, anthu onse ali kutchalitchi, Weston analowa m'nyumba ya a Orville Stenseth. M'nyumbamo munkanunkhira khofi wam'mawa. Anachotsa mfutiyo pakhoma. Inali ya thabwa lofiirira, losalala ndi manja a anthu. Anakaibisa m'shedi kuseri kwa nyumba ya makolo ake, ndipo tsiku lomwelo anaikwirira yonse ndi penti woyera.

Ali mkati mofaira wotuwa, chitseko chinatseguka. Anali mayi ake, atatsata fungo la penti.

"Imeneyo ndi ya ndani?"

"Ya Colby."

"Ya Colby unapenta kale."

"Ali nazo ziwiri. Amayi, mukulowetsa mphepo, penti sauma."

A Darla anaima pakhomopo kanthawi, kenako anatseka n'kubwerera.

Patapita masiku ochepa a Orville anafika kudzamwa khofi. Nkhalambayo inakhala patebulo itagwira kapu ndi manja awiri, osamwa.

"Andibera mfuti, a Arlo," anatero. "Kupolisi sindinapite. Si mtengo wake ayi. Inali ya malemu mwana wanga Lyle. M'mawa uliwonse ndinkaipukuta, ndiye zinkakhala ngati ndamupatsa moni. Amene watenga angoibweza, aisiye pakhonde. Sindifunsa dzina." Kenako anatembenukira kwa Weston. "Iwe umayendayenda, mdzukulu wanga. Ukamva kanthu undiuze."

"Ndikuuzani, agogo," anayankha Weston maso ali m'mbale.

Mlendo atapita, a Darla anamugwira Weston mkono. Misozi inali mbwembwembwe. "Ndakugwadira, mwana wanga. Tiye tonse tikabweze. Ndikayankhula ndine, iwe ukangoima."

"Mukunditenga ngati wakuba? Mwana wanu yemwe?" Anadzipulumutsa, namenyetsa chitseko. Tsiku limenelo anakagona kwa Colby, mfuti atainyamula.

M'mawa wa tsiku la mpikisano wailesi inachenjeza kuti masana kubwera chimphepo cha chipale. Alenje ambiri anabwerera. Colby anati amantha achepetsa opikisana nawo, ndipo awiriwo analowera kuchigwa cha kumpoto kwa malo a a Haugen. Botolo linayamba kuyenda dzuwa lisanakwere. Pofika masana anali asanaphe kalikonse, ndipo mphepo inali itayamba kuulutsa chipale ngati ufa. Anakhala pamtunda moyang'ana kuchigwa, Weston akuliza kachitoliro ndi milomo yolemera.

"Iyo!" ananong'ona Colby. "Kuseri kwa zitsambazo. Ikubwera."

Weston anayang'ana pagalasi la mfuti. Ankaona chinthu chotuwa chikugwedezeka, chikubisika n'kuonekeranso. Mutu sanauone, mchira sanauone.

"Sindikuiona bwino."

"Omba, iwe! Ukudikira kuti ikupatse moni? Ithawa!"

Anaomba.

Chinthucho chinagwa. Kenako kunamveka mawu, ndipo sanali a nyama.

Weston anataya mfuti n'kuthamanga, akutitimira mpaka m'mawondo. Kuseri kwa zitsambazo anapeza bambo ake ali chagada, atavala jekete lawo lotuwa lija la kukhola. Chipale chowazungulira chinali chikufiira. Chipolopolo chinalowa m'munsi mwa nthiti.

"Bambo! Bambo, mumatani kuno?"

"Mayi ako... anamva wailesi," anatero a Arlo movutika. "Galimoto yanga yatitimira kumsewu. Ndinatsata kachitoliro kako. Ndinadziwa kuti ndiwe."

Colby anafika, nayang'ana kamodzi, nkhope yake n'kusanduka phulusa.

"Bweretsa galimoto pafupi!" anakuwa Weston. "Tiwanyamule!"

"Singafike kuno. Ndikaitane thandizo. Foni sigwira m'chigwa muno." Anayamba kubwerera chafutambuyo. "Ndipo umve, aise, waomba ndiwe. Ine ndili kale ndi milandu, dzina langa lisatuluke."

Weston anamva injini ikulira, phokoso likuchepa mpaka kuzimiririka. Colby sanaimbire munthu aliyense.

Weston anavula jekete n'kuwafunditsa bambo ake. Anavula magolovesi kuti atseke bwino bala, koma magazi ankadutsa pakati pa zala zake, ofunda, kenako n'kuzizira. Anayesa kuwanyamula, a Arlo anakuwa ndi ululu, ndipo anawagonekanso. Anayesa kuwakoka, sanapite patali. Anatulutsa foni, inalibe netiweki. Anakuwa mbali zonse mpaka mawu anasasa, koma mphepo inkangomubwezera m'kamwa. Mowa wonse unali utamuthera m'mutu, ndipo ankaona chilichonse bwinobwino, popanda choti n'kuchita.

"Ndimayesa nkhandwe, bambo. Ndikhululukireni. Ndimayesa nkhandwe."

"Ndikudziwa." A Arlo anafufuza dzanja lake n'kuligwira. "Usathawe. Wamva? Zivute zitani, ukanene zoona. Ndipo mayi ako usawasiye okha."

"Musayankhule choncho. Thandizo likubwera."

"Pemphera, Weston. Ine mpweya wandichepera."

Weston anatsegula pakamwa, koma mawu omwe ankawanena tsiku lililonse ali mwana anakana kubwera. Anangoti, "Ambuye, Ambuye," mobwerezabwereza, atawakumbatira bambo ake kuti awatchinge kumphepo.

Amene anawapeza chakumadzulo anali a Orville. A Darla ataona kuti mwamuna ndi mwana sakubwera, anawaimbira foni, ndipo nkhalambayo inatuluka ndi thirakitala pamodzi ndi anansi awiri. Anapeza Weston atakhala pa chipale, mutu wa bambo ake uli pamiyendo. A Arlo anali atatsirizika kale.

Mmodzi wa anansiwo anapunthwa pa mfuti ija pamtunda n'kubwera nayo. A Orville anailandira, nayendetsa chala pathabwa pomwe panali kachipsera kakale. Penti anali atabisa mtundu, koma dzanja lawo linaidziwa.

"Ndi yanu, agogo," anatero Weston asanafunsidwe. "Ndinaba ndine. Bambowa ndawaombera ndine. Ndinali nditamwa."

A Orville anavula chikhoto chawo n'kumuveka.

Kuchipatala anamudula zala zitatu za kudzanja lamanja, zomwe zinafa ndi chisanu. Maliro a bambo ake sanawaone. Kukhoti anavomera zonse, ndipo anamulamula kukakhala kundende. Colby anasowa m'deralo mlandu usanayambe, ndipo palibe anamvanso za iye. A Darla sakanatha kusamala ziweto okha. Nkhosa zinagulitsidwa, kenako malo omwe, iwo n'kukakhala m'kanyumba ka lendi m'tauni. Limba anasiya kuimba. Apolisi atabweza mfuti ija, a Orville anakana kuilandira. Anati sangapachikenso pakhoma chinthu chomwe chinapha mnzawo.

Ulendo woyamba umene a Darla anakamuona kundende, Weston analephera kuwayang'ana.

"Amayi, mwabwereranji? Ine ndakulandani zonse."

"Wandilanda zambiri," anayankha a Darla. "Sindikunamiza, masiku ena ndimadzuka nditakukwiyira. Koma ndinakubala ndine, ndipo ndatsala ndi iwe wekha."

Weston anagwetsa mutu patebulo n'kulira ngati khanda. Kundendeko anayamba kupita kumapemphero, ndipo mowa sanaulawenso. Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo ife tikhulupirira kuti anamukhululukira. Koma kulapako sikunadzutse a Arlo, sikunameretse zala, sikunabweze nkhosa m'khola.

Achinyamata, imvani. Weston sanadzuke tsiku limodzi n'kuganiza zopha bambo ake. Anayamba ndi kulawa kamodzi kuti mnzake asamuseke. Kulawako kunabala ulesi, ulesi unabala mwano, mwano unabala kuba, kuba kunabala bodza, ndipo mapeto ake inali imfa. Makolo ake anamuchenjeza, nkhalamba yomwe anaibera inamutsegulira khomo lobwerera, iye osamva. Mnzako amene amakukankhira ku tchimo sadzakhalapo pa tsiku lolipira. Bwererani lero, makolo anu akadali moyo n'kumakuitanani, chifukwa wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.