Onga Umene Unadikira Mkwati

Neindoo anachedwa kunyamuka kwa wosula zitsulo, ndipo inamuchedwetsa ndi mfuti. Inali gogodela ya makolo ake, yoyatsira ndi mwala, imene inabwera pa zombo za azungu, n'kumenya nkhondo za mafumu, kenako n'kugona kudenga moyo wake wonse. Wosulayo, tulo tili m'maso, anangoikamo mwala watsopano. Kukacha, Tiyumba adzalowa pakhomo pawo ngati mkazi wake, ndipo Neindoo anali atalumbira kuti adzamulandira ndi kulira kwa mfuti komveka mpaka kutali, kumzinda wa Yendi.

Njira inkadutsa pamlatho wamatabwa. Mwezi unalowa m'mtambo. Achule anangoti zii...

Pamlathopo panali patakhala nkhalamba.

"Wainyamula ngati khasu," inatero. "Bwera nayo kuno, mkwati iwe."

Neindoo anaipatsa mfutiyo. Nkhalambayo inasolola kachitsulo kotsindira onga n'kukalowetsa mumpope wa mfuti. Sikanafike pansi. Kanatsala kunja zala zinayi.

"Waona? Ili ndi pakati iyi. Muli onga wakale. Ukanathira wina pamwamba, mpope ukanang'ambika, mwana wa eni uja n'kukwatiwa ndi munthu wopanda dzanja."

"Agogo, mwadziwa bwanji?"

"Ndinatsindira ndine. Panali kamwana kamene ndinkafuna kukalonjera."

Inamuyang'ana nthawi yaitali, kenako inamukonza malaya pakhosi. Zala zake zinali zozizira ngati madzi a mumtsuko.

"Makutuwo ndi akwathu ndithu. Pepa nawo."

Neindoo anaseka. Anayang'ana mfuti. Atadzutsa mutu... matabwa okhaokha.

Liwiro!

Kunyumba anapeza mayi ake akali maso, akuphika za ukwati. Anafotokoza zonse wefuwefu, mpaka za makutu zomwe. Mayi anaika chipande pansi, n'kukhala pamtondo.

"Amenewo ndi agogo ako, a Azindoo," anatero chapansipansi. "Anaitsindira usiku umene unabadwa, kuti adzaombe tsiku lokupatsa dzina. Tinawaika m'manda tsikulo lisanafike. Palibe amene anaikhudzanso."

Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n'kumukoka khutu mwana wawo.

"Mawa wosula akautulutse bwinobwino onga wakalewo. Ndiye udzaombe kawiri, wamva? Kachiwiriko n'kwa Tiyumba. Koyamba n'kwako."