Pulani ya Miyendo ya Thanki

"Pisani, pisani, Injiniya akudutsa!" Umu ndi mmene mchimwene wanga, yemwe tinkamutcha Injiniya, ankalowera m'shedi ya bambo: chifuwa patsogolo ngati tambala, laputopu kukhwapa, akunyang'ama kuopa kudetsa nsapato. Ukamupatsa moni ankayankha ndi mphuno, "Mmm."

Kwathu kunali mtendere. Bambo anali wowotcherera zitsulo, ndipo atatopa ndi kujambula mageti pansi ndi choko, anamulembetsa mchimwene wangayo maphunziro ojambula mapulani pa kompyuta.

"Sankha pulogalamu yosavutayo, uidziwe bwinobwino," anatero bambo.

"Imeneyo ndi ya ana a mkaka, bambo. Ine ndikufuna yomwe amajambulira ndege!"

Anaiikadi. Itatseguka, mabatani waa ngati nyerere, Injiniya thukuta kamukamu. Kukalasi anapitako masiku atatu basi. Tsiku lachinayi mnzake Wamagalasi anamunong'oneza: "Aise, ukuvutikiranji? Mapulani ali mbwee pa intaneti. Tengako imodzi, fufuta dzina la mwiniwake, lembapo lako." Kuyambira tsikulo laputopu inasanduka yoonera mafilimu.

Mayi anamva. "Mwanawe, chipangizo chakocho chimangolira mfuti. Mapulani amaombera anthu?"

"Simungazimvetse, mayi."

Kenaka mwini nyumba za lendi wina anaoda kwa bambo miyendo yachitsulo yoikapo thanki lalikulu la madzi. Injiniya anabweretsa pulani tiyi asanazizire. Bambo anaiyang'ana, n'kukanda m'mutu.

"Zitsulozi sizikuchepa, mwanangu?"

"Kompyuta yawerengera kale. Inu mumayeza ndi maso, bambo."

Bambo anachita manyazi, nawotcherera momwemo.

Tsiku lodzaza madzi, bambo anali pansi pa thankilo akumanga paipi. Miyendo ija inapindika ngati udzu. Thanki lonse linawatsikira pamsana. Tinathamangira nawo kuchipatala.

Dokotala anati bambo sadzayendanso. Mwini nyumba atafika kuchipatala ali wolusa, bambo anamutchinjiriza mwana wawo. "Wolakwa ndine, bwana. Manja akalamba, sindinawotcherere bwino."

Achinyamata, imvani: ukachita ulesi n'kuba ntchito ya wina, amene amaphwanyika ndi yemwe anakukhulupirira.

Injiniya anali chiimire kumiyendo kwa bedi, mapewa atagwa, chifuwa cha tambala chija chitaphwa. Mayi anangomuyang'ana, osaphethira.

"Ayi, bambo, musadzinamizire," anatero Injiniya. "Pulani ija ndinaba. Inali ya kathanki kakang'ono kothirira maluwa. Kusukulu ndinasiya kalekale. Ine ngakhale mzere wowongoka sinditha kujambula."